A Duncan Njilima ndi Mwana Wawo Frederick: Bambo wa Sitolo, Mwana wa Mendulo

Mwezi wa Novembala ukafika timamva pa wailesi kuti akuluakulu a boma akayala nkhata pa chipilala cha asilikali ku Zomba. Pa 15 Januwale napo anthu amakhamukira ku Mbombwe, m'boma lathu lino la Chiradzulu, kukakumbukira Mbusa John Chilembwe. Masiku awiriwa timawaona ngati osayenderana. Lina ndi la anthu amene anamenyera nkhondo boma la Angerezi, linalo ndi la anthu amene analiukira bomalo. Koma kuno kwathu kunali banja lina limene masiku onse awiriwa ndi ake. Bambo wa banjalo, a Duncan Njilima, munthu wa masitolo, ananyongedwa ndi boma la atsamunda mu 1915. Mwana wawo, a Frederick Njilima, anavala yunifolomu ya boma lomwelo ku France, ndipo anavekedwa mendulo chifukwa cha kulimba mtima. M'kope lino tati tikumbutsane za anthu awiriwa, poti ambiri a ife kuno ku Milepa tinakula osamvapo dzina lawo, chonsecho nkhani yawo inachitikira pakhomo pathu pomwe.

Ndalama ya m'sitolo

Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. M'zaka zimenezo mishoni inaphunzitsa anyamata ambiri kuwerenga, kulemba, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kuthandiza m'chipatala. Ambiri a iwo anatsala pa ntchito za mishoni, za boma kapena za m'maesiteti a azungu. Koma panali kagulu kochepa kamene kanafuna kudziimira pakokha. A Joseph Bismarck anagula malo awoawo kufupi ndi Blantyre. A John Gray Kufa, amene anali mmodzi mwa othandiza dokotala odziwika kwambiri pa mishoni, anagula malo ku Nsoni. A Duncan Njilima anali mmodzi wa kagulu kameneka. Iwo anali ndi munda wawo ndi masitolo awo m'dera lino la pakati pa Blantyre ndi Chiradzulu, ndipo ankawerengedwa pakati pa anthu akuda opeza bwino a nthawi imeneyo.

Tisaganize kuti kuyendetsa sitolo masiku amenewo kunali kophweka. Katundu wa m'sitolo anali nsalu, mchere, sopo, makasu, mikanda ndi palafini. Zonsezi zinkachokera kunja, kudzera pa mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, ndipo njanji inafika ku Blantyre mu 1908 mokha. Kuchoka pamenepo katundu ankayenda pamutu pa anthu. Woodetsa wamkulu anali kampani ya Mandala, ndipo m'misika ya kumidzi amwenye anali atayamba kale kutsegula masitolo. Mmwenye akafuna katundu wa ngongole ankamupeza kwa abale ake a m'tauni, koma munthu wakuda ankayenera kulipiriratu. Ogula nawonso anali anthu osauka, amene kandalama kalikonse ankakasungira msonkho wa nyumba. Mu 1912 msonkhowu unakwera kufika pa masheleni 8, kapena masheleni 4 kwa munthu amene wagwirako ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu. Pofuna kuthandizana pa mavuto otere, Mbusa Chilembwe ndi anthu ena akuda amalonda anayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union mu 1909.

Ife amene timagulitsa mandasi, tomato kapena kaunjika pa msika wa Milepa tikudziwa mmene mpamba umavutira kusunga. Phindu limabwera pang'onopang'ono, koma maliro amodzi kapena matenda a mwana mmodzi amatha kudya mpamba wonse. Tsono munthu amene anafika pokhala ndi munda ndi masitolo m'nthawi yovuta chotere sanali munthu wogona. Koma chimene chatichititsa kulemba za a Njilima si kuchuluka kwa katundu wawo ayi. Ndi chimene anasankha kuchita pa ana awo.

Ana awiri apita ku America

Mbusa Chilembwe anabwerera kuchokera ku America mu 1900 nayamba mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Akhristu akuda a mpingo wa Baptist ku America anawatumizira owathandiza awiri: Mbusa Landon Cheek, amene anafika mu 1901, ndi Mayi Emma DeLany, amene anafika mu 1902. Mayi DeLany, pamodzi ndi Mayi Ida Chilembwe, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Anthu a m'dera lino anaona ndi maso awo anthu akuda anzawo ovala bwino, ophunzira, olankhula ndi azungu mopanda mantha. A Njilima anali pa ubwenzi ndi mishoniyi, ndipo anaona pamenepo khomo limene ana awo akanatha kulowera.

Tikumbukire kuti m'dziko muno munalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Mwana wanzeru akamaliza makalasi a ku mishoni, mapeto ake anali ukalaliki kapena uphunzitsi wa m'mudzi. Choncho, Mbusa Cheek atabwerera kwawo mu 1906, ana awiri a Njilima, Matthew ndi Frederick, anapita ku America kukaphunzira m'masukulu a anthu akuda. Ulendo wa masiku amenewo unali wotsika ndi Shire ndi Zambezi mpaka ku doko la Chinde, kenaka masabata ambiri pa sitima ya pamadzi. Kalata inkatenga miyezi kuti ifike.

Amayi, tiyeni tiime pang'ono pamenepa. Ambiri a ife tinaperekezapo mwana ku depoti, akupita ku sekondale yogonera konko kapena ku Joni, ndipo tikudziwa mmene nyumba imazizirira tikabwerako. Koma ife timadziwa kuti madzulo tiimba foni. Banja la Njilima linatulutsa ana awiri nthawi imodzi, kupita kutsidya kwa nyanja yaikulu, kudziko limene nalonso linali ndi tsankho lake loopsa, kumene munthu wakuda sankaloledwa kukhala pa mpando umodzi ndi mzungu m'sitima kapena m'kalasi. Anyamata amenewa akanatha kukhala kuseri kwa kauntala kuthandiza bambo awo. Makolo awo anaona kuti maphunziro ndi katundu amene sawola, sapsa ndi moto, ndipo palibe angakulande.

Chaka cha 1915

Anyamatawo ali ku America, zinthu kuno kwathu zinanka ziipiraipira. Gawo lalikulu la dera lino linali m'manja mwa esiteti ya A. L. Bruce, imene likulu lake linali ku Magomero, malo omwe aja amene Bishopu Mackenzie anayambirapo mishoni mu 1861. Anthu okhala pa esiteti, makamaka Alhomwe amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankagwira thangata, kutanthauza ntchito yolipirira malo okhalapo. Miyezi ya thangata inkachulukitsidwa, ndipo inkagwa m'nyengo ya dzinja pamene munthu amafunika kumunda kwake. Eni esiteti sankalola sukulu pa malo awo, ndipo matchalitchi a udzu a anthu a Chilembwe ankatenthedwa. Pamwamba pa izi panagwa chilala ndi njala m'zaka za 1912 ndi 1913.

Nawonso anthu ophunzira ndi amalonda anali ndi chilonda chawo. Ngakhale munthu akhale ndi masitolo angati, ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu wina aliyense pa msewu. Nkhani ya chipewayi inatchulidwa kwambiri pamene boma linkafufuza chimene chinayambitsa kuukira. Ichi ndi chifukwa chake ambiri mwa amene anaima ndi Chilembwe sanali osauka okhaokha. Panalinso aphunzitsi, akalaliki ndi amalonda, anthu amene anachita zonse zimene anauzidwa kuti ndizo chitukuko, koma napeza kuti ulemu sukubwerabe.

Kenaka kunabwera nkhondo. Mu Ogasiti 1914 mayiko a ku Ulaya anayamba kumenyana, ndipo pa 9 Seputembala asilikali akuda a mbali zonse ziwiri anaphana ku Karonga. Mu Novembala chaka chomwecho Mbusa Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yawo inali yakuti anthu osauka a dziko lino akufera nkhondo imene si yawo, akusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene m'nthawi ya mtendere palibe amene amawawerengera. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe ananyamuka. Ku Magomero anapha William Jervis Livingstone, amene ankayang'anira esiteti, ndipo azungu ena awiri anaphedwanso m'dera lomwelo. Akazi ndi ana a azunguwo sanawapweteke. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo mfuti ya Mandala, koma linangopezako mfuti zochepa. Pa 26 Januwale mishoni ya Nguludi inatenthedwa. Pasanathe masabata awiri zonse zinali zitatha. Mbusa Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale kudera la Mulanje, akulowera ku malire a Mozambique. Tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe, chimene chinamalizidwa mu 1913, chinaphwasulidwa ndi mabomba.

Boma linabwezera ndi dzanja lolemera. Midzi inatenthedwa, anthu ena anawomberedwa m'tchire osaweruzidwa n'komwe, amuna oposa 30 anaphedwa ataweruzidwa mofulumira, ndipo ena pafupifupi 300 anatsekeredwa m'ndende. A Duncan Njilima anagwidwa, anaimbidwa mlandu wokhala mmodzi wa atsogoleri a kuukirako, ndipo ananyongedwa. A John Gray Kufa nawonso anaphedwa chimodzimodzi. Mabuku amawerenga amuna amene anafa, koma ife amayi tikudziwa amene anatsala ndi mtolo. Anali akazi amene anathawira m'mapiri ndi ana kumsana m'nyengo ya mvula, nabwerera kudzapeza nkhokwe zili phulusa, ndiponso opanda ufulu wolira amuna awo poyera. Mayi Ida Chilembwe anamwalira mu 1918, pa mliri wa chimfine umene unasesa dziko lonse lapansi.

Msilikali ku France

Imfa ya bambo awo inawapeza a Frederick ali kunja. Nkhondo ili mkati anawoloka nyanja kupita ku Britain, ndipo kumeneko analembetsa usilikali m'gulu la nkhondo la Angerezi. Ankadziwikanso ndi dzina loti Gresham. Ichi chinali chinthu chosowa kwambiri. Amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 analowa usilikali mu King's African Rifles pa nkhondo imeneyo, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo. Koma onsewa anamenya nkhondo kuno ku Africa, ku Tanganyika ndi ku Mozambique. A Frederick anamenyera ku Ulaya kwenikweniko, phewa ndi phewa ndi anyamata a Chingerezi.

Makolo athu nkhondo imeneyi ankaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Lero tikamva za chiwaya timaganiza za tchipisi pa msika, koma kwa iwo linali dzina la imfa. Ku France asilikali ankakhala m'maenje ataliatali okumbidwa pansi, m'matope ofika m'mawondo, m'chisanu choumitsa madzi, pakati pa makoswe ndi nsabwe. Akalamulidwa kutuluka m'maenjemo ankathamangira ku waya waminga ndi ku mfuti za chiwaya. Pa tsiku limodzi lokha, pa 1 Julayi 1916, pa nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa. Ku France n'kumene mwana wa ku Chiradzulu anakapezeka.

A Frederick anavulala pa nkhondoyo, ndipo anapatsidwa mendulo yotchedwa Military Medal. Mendulo imeneyi inakhazikitsidwa ndi Mfumu George V mu 1916, ndipo inkaperekedwa kwa asilikali wamba amene aonetsa kulimba mtima pakati pa moto wa adani. Siinali mendulo yongolandira chifukwa choti munthu anapitako ayi. Taganizani, amayi: chithunzi cha mfumu chimene chinali pa mendulo ya mwana, ndi cha mfumu yomweyo imene m'dzina lake bambo anaweruzidwa kuti afe. Boma limene linaona bambo ngati chigawenga, linaona mwana ngati ngwazi. Komatu magazi anali amodzi, ndipo kulimba mtima kunali kumodzi.

Nkhondo ya ku Ulaya inatha pa 11 Novembala 1918, ndipo kuno ku Africa asilikali a Germany anatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia. Itatha nkhondo a Frederick anabwerera kwawo. Anachoka ali mnyamata, bambo awo ali munthu wolemekezeka wa masitolo. Anabwerera ali ndi maphunziro a ku America, zipsera za ku France ndi mendulo ya mfumu, koma wopanda bambo woti amuonetse zonsezi. Ku Mbombwe anapeza mabwinja. Mishoni ija inakhala yotsekedwa mpaka mu 1926, pamene Dr. Daniel Malekebu, amenenso anapita ku America ali mnyamata kutsatira Mayi DeLany, anabwera ndi akazi awo a Flora kudzaitsegulanso.

Usilikali ndi malonda zinakumananso

M'banja la Njilima sitolo inali ya bambo, usilikali unali wa mwana. Patapita m'badwo umodzi zinthu ziwirizi zinakumana mwa anthu amodzi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, anyamata a kuno anakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Kumeneko ambiri anaphunzira kuyendetsa galimoto, umakaniko, utelala ndi kuwerengera ndalama. Atabwerako, ena anagwiritsa ntchito ndalama zimene analandira potuluka usilikali kutsegula makantini, matiyirumu ndi timagolosale, kapena kugula makina osokera. Malo ambiri a malonda a m'midzi mwathu anakula ndi anthu otere. Ena zinawayendera, ena mpamba unathera m'ngongole za achibale. Masitolo akuluakulu a kumidzi anakhalabe m'manja mwa amwenye mpaka m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti amwenye azichitira malonda m'mizinda mokha. Chimene a Duncan Njilima ankalimbana nacho chisanafike chaka cha 1915 chinatenga zaka zoposa 50 kuti chisinthe.

Ambiri a ife tinakula tikuona agogo ena okhala pakhonde la kagolosale, ovala jekete lakale la khaki, oyenda mowongoka ngati ali pa pelete. Tinkawaseka akayamba nkhani za ku Burma. Lero pafupifupi onse anapita, ndipo nkhani zawo zinapita nawo limodzi chifukwa sitinakhale pansi kuwafunsa.

Zoti titolepo

Choyamba ndi cha ndalama ya geni yathu. A Njilima anataya moyo wawo, ndipo zonse zimene munthu amaunjika m'sitolo zimatha kutha tsiku limodzi. Chimene chinapulumuka mu 1915 ndi chimene anali ataika m'mitu ya ana awo. Pamene tikugawana ndalama za banki m'khonde kumapeto kwa chaka, tiyeni fizi ya mwana ikhale patsogolo pa chitenje chatsopano, ndipo mwana wamkazi asatsalire. Tikudziwa kuti nthawi zina kusankha kumakhala pakati pa fizi ndi thumba la feteleza, ndipo palibe amene angaweruze mnzake pa zimenezi. Koma m'magulu mwathu tingathe kugwirana manja kuti mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale asakhale pakhomo chifukwa cha kusowa.

Chachiwiri ndi cha kuweruza. M'midzi mwathu mwana amasenza dzina la kholo lake. Timamva anthu akunong'onezana kuti uyu ndi mwana wa wakuba, uyu bambo ake anafera kundende. A Frederick anali mwana wa munthu wonyongedwa, ndipo m'maso mwa boma la nthawi imeneyo limeneli linali dzina la manyazi. Lero Mbusa Chilembwe nkhope yawo ili pa ndalama zathu, ndipo amene anafa nawo limodzi timawatcha ofera dziko. Zimene m'badwo wina ukuzitcha manyazi, m'badwo wotsatira utha kuzitcha ulemu. Tisafulumire kutsekera mwana khomo chifukwa cha mbiri ya kwawo.

Chachitatu ndi cha kukumbukira. Asilikali athu akupitabe kunja. Ena anakalondera njanji ya ku Nacala m'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena anafera ku Democratic Republic of Congo pa ntchito yosungitsa mtendere. M'midzi mwathu muli akazi awo amasiye, muli amayi awo, mulinso amuna opuma usilikali amene akuyesa kudyetsa banja ndi kaokala kapena kabaza. Si onse amene amabwerako ndi mtima wokhazikika, ndipo amene amasenza mavuto amenewa usiku ndi akazi anzathu. Pa maulendo athu oyendera odwala ndi okalamba, tiyeni makomo amenewa tisawalambalale.

Tikupempha gulu lililonse kuti lisanafike tsiku lokumbukira asilikali mu Novembala, lifunse m'midzi yake mayina a amuna amene anapita ku nkhondo ziwiri zija, kaya ngati asilikali kaya ngati amtengatenga, pamodzi ndi mayina a akazi amene anatsala akulera ana. Agogo amene akuwakumbukira akadalipo, koma ndi ochepa. Tilembe mayinawo m'kope la gulu, ndipo tidzawawerenge mokweza pa msonkhano wathu. Pamwamba pa mndandanda wa kuno ku Chiradzulu tidzayambe ndi a Duncan Njilima ndi mwana wawo Frederick.